Wotchulidwa Mpaka ku Japani

Dr Ndaziona Zuze anafika ku Kanjedza kutangoda, kudzaonekera koyamba kwa makolo a bwenzi lake Melvin. Mantha ake anali amodzi: kuti amayi a Melvin, amene ndi a Mvano osaseka ndi zachikunja, amukana.

Melvin anayamba kudzitama madzi osamba m'manja asanabwere n'komwe.

"Amayi, awatu amapanga mankhwala. Mapepala awo a kafukufuku ndi makumi anayi, ndipo atchulidwa kokwana zikwi ziwiri."

Iye ankanena za akatswiri ena amene amatchula ntchito ya Ndaziona m'zolemba zawo. Koma amayi anangotolapo mawu awiri basi.

"Mankhwala? N'kutchulidwanso? Anawatchula ndi asing'anga akuti?"

"Konsekonse, amayi. Mpaka ku Japani."

Mumtima Ndaziona anangoti ukwati wathera pomwepa.

M'mamawa Ndaziona akupita kukakwera minibasi, amayi aja anamulondola mpaka pageti, uku akucheukacheuka.

"Mwana wanga," ananong'ona, "za ukwatizo musadandaule, ine ndavomera. Koma apongozi anu aamunawa ayamba kuchedwa kuweruka kuntchito ku Makata. Simungandipangireko kakondaine kakang'ono?"