Khola la Agalu la Ljubiša

"Mayi Zagorka, m'khola langali mutha kuchitiramo opaleshoni!" anadzitama Ljubiša. "Agalu anga amagona pabwino kuposa ameya."

Mayi Zagorka, woyendera makola wa ku khonsolo, anawerenga agalu asanu ndi atatu, onse onenepa, onunkhira sopo. Chinangotsala n'kusaina chiphaso chowetera agalu ogulitsa. Ljubiša anawapatsa cholembera.

Apo n'kuti bambo ake, a Desimir, akutulukira ndi matambula awiri.

"Mlendo achoke pakhomo panga kukhosi kuli gwa? Rakija wanga, kachasu wa kwathu kuno, sitimwera m'botolo, mayi, timatunga pamgolo. Tiyeni kuchipinda chapansi!"

"Ababa, mayiwa ali pantchito..."

"Khala chete iwe! Ngakhale wansembe amatsikira komweko."

Mkuluyo sankadziwa zimene mwana wake anabisamo m'mamawa. Anakoka chitseko.

Linayamba kutuluka ndi fungo, la mkodzo ndi zilonda zowola, loti ungabweze chakudya cha dzana. Kenako galu wamkazi anakwera masitepe, nthiti zili pamtunda, mawere akukhukhuluzika, ubweya utamatana ndi manyi ake omwe. Pambuyo pake pankakwawa tiana tosawerengeka, maso ali manthongo okhaokha.

A Desimir analavula. "Pamigolo yanga, chitsiru iwe?"

Mayi Zagorka anatseka mphuno, nayang'ana Ljubiša.

"Si anga awa, mayi, ndithu! Sindinawaonepo chibadwire."

Galu uja anadutsa mayiwo, anadutsa mkuluyo, nakagona pamapazi a Ljubiša, akugwedeza kamchira kothothoka ubweya.