Bambo Prouty Adumpha Chingwe

"Bambo Prouty, phazi limenelo libwerere komwe lachokera!" anakuwa Mayi Barragan, amene ankalondera chingwe chotchingira akatumbu a m'nyanja pagombe la La Jolla.

"Khoma lotchinga gombeli analimangira ana kuti azisambira mopanda mafunde, osati matumba a mafutawa," anayankha mkuluyo. "Ine ndinaphunzirira kusambira pompano, inu musanabadwe!"

Anadumpha chingwecho ali m'chovala chake chakuda chosambirira, chothina pamimba, n'kukagona pamchenga pakati pa nyamazo kuti anthu aone kuti sakugonja. Akatumbuwo sanatekeseke n'komwe. Dzuwa linkawomba mokoma, ndipo posakhalitsa mkonono wake unaposa wa anzake atsopanowo.

Anadzidzimuka ndi mawu omwe ankawadziwa bwino. Anali a mkazi wake, Loretta.

"Wendell! Kapinga uja atchetcha ndani? Nanga mpope wodontha uja?"

"Mayi, chonde tsitsani mawu," anatero Mayi Barragan atatambasula manja. "Chilichonse chogona tsidya ilo la chingwe sitichisokoneza."

"Koma chachikulucho ndi mwamuna wanga!"

"Chikadzuka chokha muchitenga."

Bambo Prouty anatsegula diso limodzi. Zaka makumi anayi ali m'banja, panalibe chimene chinamutchinjirizapo chonchi. Anatembenukira kwina n'kupitiriza tulo.

Tsiku lotsatira Mayi Barragan anamupeza atafika kale, nyundo ili m'manja, akulimbitsa mitengo ya chingwecho.

"Chingwe chanuchi chatsika kwambiri," anadandaula mkuluyo. "Munthu akhoza kudumpha."