Khanda la Ndevu ku Lewisham

Chilape! Mlendo wosagogoda, amalowera kunsi kwa chitseko. Mwalephera? Tamverani.

"Foni yaliranso, amalume," anatero Muchaneta. "A zanyengo achenjeza kuti mvula iyi isefukiritsa mtsinje masana omwe ano. Tiwatulutse amayi."

Mayi akewo anali chigonere chidwalireni sitiroko, ndipo nyumba yawo ku Lewisham, kudziko la azungu, inali ya kunsi, yochita kutsikira masitepe kuchokera pamsewu.

A Mishek, mlongo wawo wa odwalawo, anangopitiriza kusenda lalanje. "Azungu akaona mame amaliza belu. Ine ndinawoloka Shire atadzaza ndi manja awa. Ndiye ndithawe kangalande aka?"

Lalanjelo sanalimalize, abale inu. Madzi akuda analowa, kapeti n'kuyandama, magetsi n'kuthima.

"Amalume, gwirani miyendo, tiwanyamule!"

Amalume osaoneka.

Muchaneta anatenga chitenje, nabereka mayi ake. Madzi anali atafika m'mawondo, sitepe yoyamba yosaoneka. Anaterereka kamodzi, nagwira khoma, nakwerabe mpaka pamsewu. Mai Banda, neba wa ku Zambia, anawalandira odwalawo ndi bulangeti.

Kenaka kunsi kunamveka kamawu kotsekemera.

"Mucha, mwana wa mlongo wanga, chitenje chija wamasula?"

Anawapeza atanyonyomala pamwamba pa firiji, nsapato zili m'khosi. Anatuluka atawabereka kumbuyo, miyendo ili lendelende, anthu ali mbwee m'mawindo.

Mai Banda anaomba m'manja, misozi ya phwete ili mbwembwembwe.

"Iwe Mucha, mwana wakula uyu! Ndevu zonsezi, sunamuletsebe kuyamwa?"