Mpando wa Pawindo

"Otizimu ndi ya anyamata!" anakalipa apongozi, lamba ali m'manja. "Mtsikana uyu ndi mwano basi. Watengera kwanu."

Mwanayo ankalirabe kuchipinda chifukwa bedi lake linali litasunthidwa. Mayi ake anaima pakhomo la chipindacho, kuwatsekereza apongozi awowo.

"Adokotala akuti ali ndi otizimu, ubongo wake umavutika zinthu zikasintha. Atsikana amangobisa. Simummenya, amayi."

"Ndiye longedzani, mupite naye kwanu!"

Bambo a mwanayo, pofuna kuzimitsa motowo, anawakokera mayi awo mpando womwe unali pawindo. "Takhalani pansi, amayi."

Apongozi anauyang'ana mpandowo. Lamba anagwa pansi.

"Wauchotseranji pawindo? Zaka makumi atatu umakhala pamenepo! Ubwezere msanga, apo ayi sindidya m'nyumba muno."