Tsiku Lathu la Mwala

Masiku ano banja lililonse limalandira mwala wa kuwala tsiku limodzi pamwezi. Ukauika patsogolo pa kanyali kamagetsi kotchedwa leza, kuwala kofiira kumasanduka kwa buluu, kumene kumachiza chikasu cha makanda.

Tsiku la banja la Lufeyo kunatentha koopsa, mwala n'kukana kugwira ntchito. Lufeyo anaukulunga m'kansalu konyowa, nautembenuza pang'onopang'ono, koma pakhanda lawo pankangogwa kufiira.

"Bambo a mwana, maso ake achita chikasu kuposa dzulo," anatero mkazi wake Esinati.

"Ndikuona, mayi."

Dzuwa litapendeka, buluu anawala pamimba pa mwanayo. Nthawi yomweyo a Nachisale, otsatira pamzere, anaodira pakhomo, khanda lawonso lili kumsana.

Esinati anapukuta mwalawo, nawapatsa ndi manja awiri.