Ng'ombe ya Kumanzere Inapita ndi Foni

Pamzere wa kuchigayo mayi wina anafunsa mnzake kuti, "Kodi mafoni odulawa, ogula amapindula nawo?" Mnzakeyo sanayankhe kuti inde kapena ayi. Anangomusimbira nkhani iyi, ndipo akuti inachitikadi.

Kunali bambo wina cha ku Kapondo, dzina lake Enoki. Anali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri zozolowerana pagoli, yakuda kumanja, yofiira kumanzere. Ngoloyo ndiyo inkadyetsa banja lake.

Mwezi wa Meyi, chimanga chili pamikukwe kumunda, Enoki anapita ku boda ya Zambia kukafunsa mtengo wa soya. Kuseri kwa mathiraki anakumana ndi munthu wovala bwino, wolankhula chinyanja cha ku Zambia.

"Mudala, mukali kufunsa mitengo na mendo? Manje anzanu aona pa foni chabe."

Anatulutsa foni yaikulu, yonyezimira, n'kumujambula. Chithunzi chinatuluka choonetsa ngakhale imvi za m'ndevu. Anati ndi foni imeneyo azilankhula yekha ndi ogula a ku Chipata ndi ku Lilongwe, mavenda sadzamuberanso pasikelo. Mtengo wake unali wa ng'ombe yathunthu, koma anati m'sitolo ndi ng'ombe ziwiri.

"Nikusungilani mpaka Chisanu. Ikapita, yapita."

Enoki anafika kunyumba mtima uli m'mwamba. Mkazi wake Luwiza anamvetsera akusenda mtedza, kenako anayamba kufunsa.

"Bambo a Ivy, sitolo yake ili pati?"

"Alibe sitolo, amatenga yekha ku Lusaka."

"Lisiti akupatsani?"

"Lisiti amadya?"

"Nanga dzina lake ndani?"

Enoki anakanda kumutu. Dzina sanafunse.

"Munthu wogulitsa chinthu chabwino sabisala kuseri kwa mathiraki," anatero Luwiza motsitsa mawu. "Ndipo sathamangitsa wogula. Kafoni ka mabatani kakulakwirani chiyani? Ofuna ngolo amakupezani pomwepo. Tatutani kaye chimanga."

"Inu amayi mumakayikira chilichonse. Ndikagulitsa soya pamtengo wabwino ndigula ng'ombe ina, mwezi sutha."

Lachinayi ng'ombe yofiira inapita ndi ogula nyama. Lachisanu foni inalowa m'nyumba.

Masiku oyamba khonde linkadzaza. Aliyense ankafuna kujambulidwa. Koma foniyo inkafuna kutchajidwa tsiku ndi tsiku, ndiye Enoki ankapalasa njinga kupita kwa ometa tsitsi kumene kunali magetsi, n'kukhala pomwepo kuilondera poopa kuti angamusinthire. Bandulo inkatha ngati madzi a m'dengu. Ogula a ku Lilongwe sanawapeze. Mtengo wa soya umene anauona unali womwewo umene mavenda ankanena pamsika.

Sabata yachinayi, m'mawa, foni inada. Panangotsala mawu a Chingerezi osachoka pagalasi. Anathamanga nayo ku boma kwa Benedicto, wokonza mafoni. Benedicto anaiyang'ana kamodzi n'kupukusa mutu.

"Achimwene, munaigula kuti?"

"Ku boda."

"Iyi inatengedwa ku Zambia pa ngongole, m'dzina la munthu wina. Amene anakugulitsani analipira mwezi umodzi basi, kuti izioneka yamoyo. Eni ake aitseka ali komweko. Ine sindingaitsegule. Ndinu wachitatu mwezi uno."

"Palibe chimene ingagwire?"

"Mutha kumadziyang'anirapo pometa ndevu."

Enoki anaimba nambala ya munthu uja, sinkapezeka. Ku boda osintha ndalama anamuyang'ana ngati wagwa kumwamba.

"Wovala bwino? Madala, pano aliyense amavala bwino."

Kumunda chiswe chinali chitalowa m'mikukwe, ndipo ngala zina zinkasowa ndi anthu odutsa. Mundawo unali kutali, kutsidya kwa dambo. Ng'ombe imodzi sikoka ngolo. Enoki anayesa kubwereka, koma nyengo yokolola aliyense ng'ombe zake zili pagoli. Amene anavomera anatchula mtengo woti Enoki anangotembenuka. Chakudya cha chaka chonse chinali kutha iye akuona.

Luwiza sananene kuti "ndinakuuzani." Anatenga dengu ndi nkhata, n'kuyamba kututa pamutu, maulendo atatu patsiku. Enoki ankakankha matumba awiri panjinga, maso pansi, akudutsa anthu omwe aja ankawajambula. Pofika kunyumba ankapeza madzi osamba ali kale kubafa, ndipo zimenezi zinkamupweteka kuposa kukalipiridwa.

Tsiku lachitatu la kututako, Enoki akudzuka, anamva goli likugogoda kukhola. Anali Phillip wa mudzi wa kutsidya, munthu wosalankhulalankhula, akumanga ng'ombe yake yamawanga pambali pa yakuda ija.

"Achimwene, ine ndilibe chokupatsani," anatero Enoki.

"Ndani wakufunsani?" Phillip anakoka chingwe osamuyang'ana. "Iyi ndi ya kumanzere, zigwirizana. Chaka chija inu muli kumaliro ku Kachebere, mkazi wanga atayamba matenda a mwana mvula ili pakati, alamu awa, akazi anu, anamanga okha ng'ombe zanu n'kumufikitsa kuchipatala. Mwanayo pano akuyenda."

Enoki anacheukira mkazi wake. Nkhaniyi anali asanaimvepo. Luwiza anangotula nkhata, n'kukweza madengu m'ngolo.

"Tiyeni," anatero Phillip, "chiswe sichidikira."

Phunziro: Foni yodula si tchimo kwa amene ali nazo, koma musagulitse chimene chimakudyetsani kuti mugule chimene chizikudyani. Wogulitsa wopanda sitolo, wopanda lisiti, wokupatsani tsiku lomaliza, muthaweni. Ndipo wa m'nyumba mwanu akamafunsa mafunso, khalani pansi muyankhe kaye. Tumizirani abale ndi anzanu nkhaniyi nyengo yogulitsa mbewu isanafike, mwina mupulumutsa khola la wina.