Achule, Njiri ndi Chitsime Chokwiririka

Padangokhala ife achule. Chaka cha chilala chitsime chathu chinakwiririka, ana athu n'kuyamba kuuma m'matope. Tinakhala pamtunda n'kumalalikira achinyamata kuti ntchito yongodzipereka imakoma. Palibe amene anabwera kudzafukula chitsimecho.

Njiri, amene analibe mwana m'chitsimemo, anatifunsa kuti, "Akuluakulu, kukomako munayamba mwakulawapo?"

"Ife yathu ndi yolimbikitsa anzathu," tinayankha motero.

Njiri analowa yekha nayamba kufukula, uku akugubuduka m'matope ozizira, akuseka. Ana a Mbawala ndi a Nungu ataona, anathamangira kukapempha pokumba. Dzuwa lisanapendeke madzi anatumphuka, ndipo ana athu anapulumuka.

Okumbawo lero ndi mabwenzi, amadyera limodzi. Ife tikadali pamtunda, tikuuza aliyense wodutsa kuti nzeruyo inali yathu.